Mpando wa a Yotamu Ukukana Kuuma

Lolemba

Mpando watha. Miyendo inayi yonse ikugunda pansi nthawi imodzi, ndakauyesa pakhonde la sitolo pamene pali simenti. Chotsamira chilipo, poika manja palipo. Ndakhalapo, ndadzigwedeza uku ndi uku, osalira ngakhale pang'ono. Aja amati kalipentala weniweni ndi wa setifiketi ya ku mishoni abwere adzakhalepo.

Ndilembe bwino chifukwa chake, kuti ndikadzakalamba ndisadzaname. Mpandowu ndi wa a Yotamu, atsibweni ake a Esinati, mkazi wanga. Loweruka likubwerali ankhoswe akumana ku Lirangwe, ndikukapempha chitengwa kachitatu. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili mkamwini kwawo kwa Esinati. Nkhokwe ndamanga, munda wa apongozi ndalima, zitseko za mudzi wonse zadutsa m'manja mwanga. Koma ntchito yanga ili kuno ku Chileka, nyumba ndamanga kuno, mkazi ndimakamuona Loweruka ndi Lamulungu basi ngati wodwala wa kuchipatala. Ndatopa kudya nyemba zosapsa. Woti avomere kuti Esinati asamukire kuno ndi mmodzi yekha, a Yotamu.

Ulendo woyamba anati tidikire kukolola. Wachiwiri ndinaononga ndekha. Anandifunsa kuti khola la mbuzi limene anamanga okha ndikuliona bwanji, ine n'kuwauza kuti ndi lopotoka. Linali lopotoka. Mpaka lero ndi lopotoka.

Achimwene a Filipo, nkhoswe wanga, adutsa m'mawa. Akuti, “Ulendo uno iwe unyamule mpando, pakamwa undisiyire ine.”

Vuto ndi limodzi, thabwa. Ndi paini wa mabokosi otayidwa ku bwalo la ndege, woyera ngati chinangwa chosenda. A Yotamu anagwirapo ntchito m'nyumba ya mzungu ku Halale, mipando ya mbawa amaidziwa. Mankhwala osinthira mtundu wa thabwa amapezeka ku Blantyre, koma kupita uko ndi tsiku lathunthu, ndipo mutu ndili nawo. Nzeru yanga:

polishi wa nsapato wofiirira, zitini ziwiri
palafini theka la kapu
kusungunula padzuwa, kupaka ndi nsanza

Ndapaka. Mbawa yeniyeni! Ndazungulira mpando katatu ndikudziyamikira ndekha. Ukununkha ngati nsapato za msilikali, koma fungo silikhalitsa.

Mawa vanishi woyamba. Lachitatu wachiwiri. Lachinayi wachitatu. Lachisanu ndingokhala pansi n'kumauyang'ana.

Lachiwiri

Chitini cha vanishi ndatsegula. Ndakhala nacho miyezi iwiri pansi pa bedi. Penti ndimapaka kawirikawiri, vanishi aka n'koyamba, koma bulashi ndi bulashi. Pachitini alembapo Chingerezi chambiri, timalemba tating'ono ngati nyerere. Ndawerenga mawu akuluakulu okha. Zikanakhala zofunika akanazilemba ndi malemba akuluakulu.

Chodabwitsa pang'ono: vanishi akuthawa thabwa. Ndikadutsitsa bulashi, iye akudziunjika timadontho ngati madzi pa tsamba la nthochi. Mwina akuzizidwa, mwezi uno ndi wa mphepo. Ndamuthira wambiri, ndamukakamiza, wagonja. Mpando ukunyezimira moti ndikuonamo mano anga.

Che Saidi adutsa akuchokera kumsika. Ndi kalipentala wakale wa kuseri kwa msika, ndevu zoyera, amalankhula ngati mawu akuwagula. Aima, anunkhiza mpweya, andifunsa chimene ndapaka pansi pa vanishi. Ndawauza kuti chimenecho ndi chinsinsi cha ntchito. Iwo angoti, “Ohoo,” n'kumapita.

Ohoo chiyani? Munthu ngati uli ndi mawu nena. Ine ndikaona cholakwika ndimanena pomwepo, ndiye chifukwa chake anthu amadziwa pamene ndaima. Nsanje basi. Zaka makumi angati akupala matabwa, sanatulukirepo mbawa ya m'chitini cha polishi.

Masana ndege ya ku Halale yatera. Magalimoto a azungu okalandira anzawo adutsa asanu motsatana, fumbi lonse la msewu kulunjika pa shedi yanga. Ndaunyamula mpando ndi kunsi kwake, ndathamangira nawo m'nyumba. Fumbi lakhalapo pang'ono. Vanishi wa mawa alikwirira.

Lachitatu

Chiperoni. Kunja kuli mbuu, kamvula kowaza, mapiri osaoneka.

Ndakhudza poika dzanja ndi chala. Chamata. Ndayesa chotsamira, mwina uko kwauma. Chamata. Ndayesa mwendo wakumbuyo. Ndikanasiya pomwepo.

Zimene zili pa mpando tsopano:

zidindo za chala changa, zisanu ndi ziwiri
udzu wa kudenga
udzudzu, sindinawerenge
mapazi a buluzi, kuchokera pa chotsamira mpaka pampando penipeni (mwini wake wapulumuka)
nthenga imodzi, pamene nkhuku ndilibe

Ndaganiza mofatsa. Dothi la pakhoma likachedwa kuuma sitigumula nyumba. Vanishi wachiwiri akakhala pamwamba, auma iyeyo, n'kumukoka mnzake wapansi kuti aume naye. Ndatola udzu ndi nthenga ndi singano, ndapaka wachiwiri, wokhuthala bwino. Mapazi a buluzi akuonekabe koma ngati maluwa.

Mayi wina wa ku Lirangwe wogulitsa madengu kumsika wandipatsa kakalata ka Esinati. Akuti atsibweni achapitsa jekete lawo la ku Halale, zimene sachita pokhapokha pa ukwati ndi pa maliro. Akuti nkhani ya mpando yamveka mudzi wonse chifukwa a Filipo anaiulula pa mowa. Pomaliza walemba kuti, “Kodi nyumba ya ku Chilekayo ili ndi khitchini, kapena ndizidzaphikira pa fumbi la ndege?”

Khitchini ilipo. Ndakaisesa kawiri.

Lachinayi

Wauma? Ayi. Wachita makwinya ngati nkhope ya munthu wolawa ndimu. M'miyendo akuyenderera misozi, dontho lililonse lalendewera osagwa, osauma.

Ndasonkha moto pakati pa nyumba, mpando pafupi, kuti ufunde. Ndatuluka pang'ono kukatunga madzi. Pobwera, mbali yoyang'ana kumoto yatuluka matuza, mwaye wamata mbali inayo. Ndatukwana chitini, ndatukwana buluzi, ndatukwana amene anatulukira vanishi ndi makolo ake. Ndamenya chidebe ndi phazi. Chala chachikulu chatupa.

Masana ndapita kwa Che Saidi. Sindinapite kukafunsa. Ndinapita kukawacheza, ndipo pocheza ndatchula za mnzanga wina wa ku Mdeka amene wapaka vanishi pa polishi wa nsapato.

Sanaseke, ndiwayamikire pamenepo. Apitiriza kunola chizulo chawo n'kumafotokoza. Akuti polishi ndi phula, ndipo vanishi pa phula sagwira, ali ngati dothi lomata pa mphika wodzola mafuta. Akuti mnzangayo apale zonse ndi phale la botolo mpaka thabwa liyere. Atsuke ndi thapentaini. Mtundu asinthe ndi tiyi wowirikiza kapena mankhwala ofiirira aja otsukira zilonda, osungunula m'madzi. Thabwa liume tsiku lonse. Kenako vanishi wopyapyala, osati phala, aume masiku awiri, sandipepa pang'ono, winanso wopyapyala, choncho mpaka katatu. Ndipo kukakhala chiperoni bulashi ikhale m'thumba.

Ndafunsa kuti zonsezo ndi masiku angati. Akuti khumi, Mulungu akalola.

Ndanena kuti mnzangayo ali ndi masiku awiri. Akuti ndiye akapereke mpando woyera, paini si tchimo.

Ndikutsanzika, andiitana. “Mukawauzenso anzanu a ku Mdekawo kuti ali ndi vanishi pachigongono.”

Ndayang'ana. Analipo, ndi kaudzu komwe.

Mpando woyera kwa a Yotamu? Mudzi wonse ukudikira mbawa? Ndaswa botolo, ndayesa kupala pamene pali matuza pokha. Akunanda ngati ulimbo, akumata ku botolo, ku zala, ku kabudula. Pamene ndapala payera ngati chipsera. Ndathirapo polishi wotsala, china ndikanathira chiyani, ndi vanishi pamwamba. Wopyapyala. Pamenepo pokha ndawamvera.

Lachisanu

Dzuwa! Kumwamba kuli mbee, kopanda ndi kamtambo komwe.

Ndatulutsa mpando kuseri kwa nyumba, kutali ndi msewu. Ndakhala pambali pake tsiku lonse ndi nthambi, kuingitsa ntchentche ngati wogulitsa nyama. Oda ya zitseko ziwiri ya aphunzitsi idikire. Ndikamva ndege ndikuuphimba ndi thupi langa.

Dzuwa litapendeka ndakhudza, mopepuka, ndi kachala kakang'ono. Sikanamate. Ndakhudzanso. Sikanamate! Pamwamba pachita kakhungu kosalala. Ndikadina mwamphamvu pansi pake pakuwofoka ngati papaya, koma ndani amalonjera mpando poudina? Masiku khumi a Che Saidi ndawapinda mpaka limodzi. Ndikakawauza mawa lake sindikawanyoza, ndikangowauza.

A Filipo abwera, auona ali chapatali, akuti ndi wokongola zedi malinga munthu asayandikire. Koma akuti msewu wa ku Lirangwe ndi fumbi lokhalokha, malole a thonje akudutsa tsiku lonse, tikafika nawo uli ndi ubweya ngati nkhosa. Zoona. Tiukute. Chiguduli chisiya tsitsi, bulangete ndili nalo limodzi. A Filipo athamangira kumsika, abwera ndi mtolo wa nyuzi zaulere zija za boma zotamanda Chitaganya chophatikiza dziko lathu ndi la ku Halale, zimene mesenjala amasiya pansi pa mtengo ndipo anthu amangotolako zopichirira fodya.

Ndawakumbutsa kuti a Yotamu mapepala amenewa safuna n'kuwaona komwe. Ku Halale anagonapo m'chitolokosi chifukwa choyenda wopanda chitupa, ndipo amati Chitaganya chabwera kudzabweretsa zomwezo kuno. A Filipo akuti palibe kanthu, tikamasula pa mlambe uja tisanalowe m'mudzi, mapepala tikataya kutchire.

Takuta bwinobwino, kawiri kawiri. Tamanga pa kaliyala wa njinga ndi mphira, mokoka kuti usagwedere. Malaya oyera ndasita. Ndalonjezanso a Filipo kuti pakamwa panga pakakhala potseka.

Esinati akafika, shelefu ya mbale ndimukhomera kumanzere kwa chitseko.

Loweruka

Ndikulemba ndili ku Lirangwe, kuseri kwa nkhokwe imene ndinamanga ndekha.

Tanyamuka m'mamawa. Kufika pa Lunzu dzuwa layamba kuwawa, kumsana kwanga kukumveka fungo la nsapato. Malole a thonje adutsa atatu, ine n'kumaseka mumtima kuti thonje lanu silindipeza.

Pa mlambe tatsika, tamasula mphira. Pepala lakunja lachoka. Lamkati ayi. Dzuwa lasungunula kakhungu kaja, mphira zadinikiza, nyuzi yalowa mu vanishi ngati inabadwira momwemo. Ndikakoka ikung'ambika kachidutswa, malemba n'kutsala. Pa chotsamira, malemba akuluakulu onena za ubwino wa Chitaganya. Poika manja, nkhani ya misewu ndi milatho. Pokhala penipeni, chithunzi cha mzungu wa chipewa, akumwetulira.

Tayesa madzi. Tayesa mpeni. Tayesa malovu. A Filipo akuti tiubise m'tchire, tikanene kuti ukubwera pa sitima sabata yamawa. Ndakana, bodza sindinena. Komanso azimayi ochokera kumtsinje anali atationa kale ndipo mmodzi anali atayamba kuthamanga.

Tapeza anthu akhala kale pansi pa mtengo wa mango. A Yotamu m'jekete lawo. Esinati ndi apongozi chapatali, pamphasa, kumbali ya azimayi. Ndatsitsa mpando pakati, ndakhala pansi, ndayang'ana zala zanga za kumapazi.

A Yotamu avala magalasi. Ayamba kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, akuzungulira mpando, chotsamira choyamba, kenako dzanja lamanja, kenako lamanzere. Pamene pang'ambika akuimira, n'kupitiriza patsogolo. Atafika pa mzungu avula magalasi.

“Akamwini, kodi ukalipentala munasiya? Mwalowa ntchito yofalitsa Chitaganya m'midzi?”

A Filipo adzuka, aomba m'manja mwaulemu, ayamba kunena kuti masiku ano ku Blantyre mipando ya anthu ophunzira ikumakhala ndi zowerenga, kuti mlendo asasungulumwe. Ndapirira mpaka pa mawu akuti ophunzira. Kenako ndangozindikira ndaimirira.

Ndanena zonse. Kuti si mbawa, ndi bokosi la ku bwalo la ndege. Kuti mtunduwo ndi polishi wa nsapato. Kuti munthu wodziwa anandichenjeza, ine osamva. Kuti Chitaganya ndimadana nacho kuposa iwo, chifukwa iwo amangochimva, ine magalimoto ake amandithira fumbi tsiku ndi tsiku. A Filipo akundikoka kabudula, ine osaima. Ndati pamwamba ndaononga ndi manja angawa, koma mafupa a mpandowu ndi abwino, zidzukulu zawo zidzaupeza. Ndati ndinafuna kuwanyenga maso chifukwa ndikufuna mkazi wanga kunyumba kwanga, zaka zisanu ndi chimodzi zakwana, ndipo ngati akukana akane lero pamaso pa anthu, asandiuzenso za kukolola.

Ndakhala pansi. A Filipo aphimba nkhope ndi chipewa.

A Yotamu asendera pafupi ndi mpando. Adina chala chachikulu poika dzanja, chamata, achikoka, achiyang'ana. Augwedeza mpando, sunalire. Ayang'ana mzungu uja kanthawi. Kenako akweza jekete kumbuyo, atembenuka, akhala pansi pa nkhope yake ndi thupi lonse, zigongono atazikweza m'mwamba ngati akuyendetsa njinga. Adzisuntha kuti akhazikike.

“Zaka zonsezi akhala ali pamutu pathu. Lero ndaona kukoma kwake.”

Azibambo aseka, azimayi aseka, apongozi abisa nkhope mu nsalu koma mapewa akugwedera. Ine sindinaseke, ndimadikira yankho.

Alankhula ali chikhalire, zigongono zili m'mwamba. Akuti chitengwa sakukana. Akuti munthu wonena yekha pagulu kuti wapaka polishi sangabise mwana wawo akadwala. Koma akuti sangapereke mwana kwa mmisiri amene ntchito yake imamata anthu. Mpando utsala konkuno, ndiukonze konkuno, iwo akuona. Chotsamira, manja ndi miyendo ndipale, malembawo sakuwafuna. Koma pokhala ndisakhudze, mzunguyo akhale pomwepo, ndimuthire vanishi wabwino pamwamba kuti asafufutike.

“Tsiku limene chala ichi chidzadine osamata, mudzamutenge.”

Podzuka anthu awiri agwira mpando, wachitatu wawakoka. Buluku lapulumuka.

A Filipo abwerera okha ku Chileka. Ndawaperekeza mpaka pa mlambe, pamenepo andiuza kuti unkhoswe wanga ndi ntchito yofupikitsa moyo. Ndawatuma akapemphe thapentaini kwa Che Saidi, akanene kuti ndi wa mnzanga wa ku Mdeka. Akuti akanena dzina langa lenileni, ndi la bambo anga lomwe.

Lamulungu

Ndadzuka mkamwini, monga kale. Apongozi atumiza mawu kudzera kwa Esinati kuti popeza ndikhala masiku angapo, chitseko cha khitchini chikukhula pansi.

Masiku khumi, anatero Che Saidi. Pokhala pomwe pali mzungupo pansi pake pali polishi, ndiye pamenepo sindikudziwa kuti padzauma liti, kaya ndi mwezi, kaya ndi mvula yoyamba. A Yotamu sananene kuti chala chawo adzadina pati. Sindiwafunsa. Ndaphunzirako pang'ono.

Zitseko za aphunzitsi zidikirabe. Khitchini ndinasesa ija idzafunika kusesanso.

Potuluka m'tchalitchi anthu sanapite kwawo, abwera kuno. Aliyense akufuna akhaleko pa mzungu. Abwera ndi a kutsidya kwa njanji omwe. A Yotamu aima pambali m'jekete, akuloleza mmodzimmodzi, akulu poyamba. Aliyense akadzuka akudina chala poika dzanja kuti aone ngati Esinati akupita. Ndawakalipira kuti zala zawo ndi zimene zikuchedwetsa. Mkulu wa mpingo wandikumbutsa kuti lero ndi Sabata. Ndamuuza kuti ndikudziwa, ndiye chifukwa chake ndangokalipa.

Anthu atabalalika ndalowa m'nyumba, ndapeza mbale zonse zamangidwa mu nsalu, mipando iwiri ya ndalema yapindidwa, mphasa yakulungidwa. Chakudya chamasana tadyera m'chivundikiro cha poto. Esinati ndamupeza kuseri, wagwada pafupi ndi mpando, akuukupiza ndi lichero.

Ndamuuza kuti mphepo siingathandize, vanishi ameneyu ndi wochotsa yense, ndiyambirenso pa thabwa loyera.

“Inu muzipala, ine ndizikupiza. Mbale zija sindimasulanso.”

Pa Sabata sitipala. Mawa tambala akangolira, ndiyamba ndi mwendo wakumbuyo.